Nyali ya oyilo ikayaka: kuyeza pulesha ndi kudziwa ngati injini yadyeka m'kati

Sabata silitha kuno ku Chipata osabwera munthu pa galaji ndi mawu omwewa: "Amakaniko, kanyali ka oyilo kakumaphethira ndikaima, koma ndikaponda mafuta kakumazima." Ndikafunsa kuti wachitapo chiyani, yankho ndimakhala ndikulidziwa kale. Wina wathira oyilo wolimba. Wina wagula kale pampu ya oyilo yatsopano, ili m'pepala pampando wakumbuyo. Wina wazula waya wa nyaliyo kuti isamusowetse mtendere. Pa atatuwa palibe amene anayeza pulesha ndi geji, ndipo pomwepo ndi pamene ndalama zimayambira kutayika.

Malangizowa ndalembera madalaivala a matakisi ndi maminibasi, eni ma Canter onyamula chimanga ndi nsawa, komanso anyamata amene akuphunzira ntchito ya umakaniko. Ndayamba ndi zosafuna ndalama, ndipo kumasula injini kuli kumapeto. Tsatani momwemo, musadumphe.

Zipangizo zofunika

- Geji yoyezera pulesha ya oyilo, ya singano, yokhala ndi paipi yake ndi timitu tosiyanasiyana tomangira pa injini. Ngati mulibe, bwerekani. Popanda iyi ntchito yonse ndi yongoganizira.
- Geji yoyezera compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda. Ya petulo ndi ina, ya dizilo ndi ina.
- Masipanala, soketi yaitali yomasulira swichi ya oyilo (imene imayatsa nyali ija), ndi sipanala ya mapulagi.
- Torque wrench, sipanala yomangira mabawuti pa muyezo, ngati mudzafike pomasula ma bearing.
- Plastigage yobiriwira, kaulusi ka pulasitiki koyezera mpata wa ma bearing, ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata.
- Sikuludilaiva yaitali yomvetsera phokoso.
- Jeke ndi zochirikizira zolimba.
- Beseni loyera, nsalu yoyera yosefera, maginito, tochi, nsanza.
- Oyilo watsopano wa nambala imene buku la galimoto likunena, ndi fyuluta yatsopano.
- Kope ndi cholembera. Manambala osalemba amasokonekera m'mutu.

1. Imani ndi kuzimitsa injini

Kanyali kofiira kokhala ngati ketulo ikudontha kaja sikanena kuchuluka kwa oyilo. Kamanena kuti pulesha yatsika kwambiri, nthawi zambiri pansi pa theka la bar imodzi. Kakayaka muli pa liwiro, n'kutheka kuti crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulira cha pansi pa injini, ikuzungulira pa ma bearing, tizitsulo tosalala timene imatsamirapo, popanda oyilo wokwanira pakati pake, chitsulo pa chitsulo.

Chaka china m'nyengo yokolola anatikokera Canter yodzaza matumba a chimanga kuchokera ku msewu wa Chadiza. Dalaivala, mnyamata wabwinobwino, anandiuza akunjenjemera kuti: "Bambo, inayaka titangokwera kachitunda. Ndimati ndingofika kaye pa tala, ndiyimire pabwino." Pa tala sanafike. Con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft, inathyoka n'kuboola buloko, bowo lolowa chibakera. Titamasula tinapeza kuti chinayambitsa zonse ndi nati ya sampu (chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini) imene inakhwepa, oyilo n'kumadontha njira yonse. Akanaima pomwepo, ikanakhala nkhani ya nati imodzi ndi malita ochepa a oyilo.

Chenjezo: ngati nyali yayaka osazimanso, kapena pali phokoso logogoda, musailizenso injini "kuti timve". Ikokeni.

2. Onani oyilo, munuse, mumukhudze

Imikani galimoto pamalo osapendekeka. Chipata ndi tauni ya m'mapiri, ndipo ndaonapo anthu akuyeza oyilo galimoto itayang'ana kumwamba pa chitunda, kenako n'kuthira lita yosafunika. Dikirani mphindi zisanu kuti oyilo atsikire mu sampu. Sololani dipstick, pukutani, bwezerani mpaka pansi, sololaninso. Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri, kuchoka pa chizindikiro cha pansi kufika cha pamwamba ndi pafupifupi lita imodzi.

Akachepa, thirani, koma funsani kumene wapita: onani pansi pa injini, pa fyuluta, pa nati ya sampu, ndi pakati pa injini ndi giyabokosi. Akachuluka kupitirira chizindikiro ndi vutonso, chifukwa crankshaft imamumenya mpaka thovu, ndipo thovu siligwira pulesha.

Tsopano muyang'anitsitseni.

Ngati akuoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Ganizirani gasiketi ya hedi, hedi yosweka, kapena oil cooler pa injini zimene zili nayo.

Ngati akununkha petulo kapena dizilo, ndi wamadzimadzi, ndipo m'malo mochepa akuchuluka yekha, ndiye kuti mafuta akutsikira mu sampu. Kawirikawiri ndi injekita yodontha. Oyilo wotere amatsitsa pulesha ngakhale injini ili yabwino.

Mufikiseni pakati pa zala. Ngati mukumva timchenga, fumbi likulowa kapena zitsulo zikudyana. Kuda kokha si umboni, makamaka pa dizilo, pamene oyilo amada patangopita masiku ochepa.

3. Kumbukirani nthawi imene nyali imayaka

Apa funsani dalaivala modekha, osamukalipira, chifukwa munthu woopa amabisa. Nthawi imene nyali imayaka ndi imene imaloza kumene muyambire.

Ikamayaka pokhota, pogwira mabuleki kapena pokwera phiri, oyilo ndi wochepa ndipo akuthawira mbali imodzi ya sampu. Ikamayaka injini itatentha, ili pa idling, n'kuzima mukaponda mafuta, ganizirani ma bearing odyeka, oyilo wopepuka, kapena swichi yotopa. Ikamachedwa kuzima m'mawa, pamodzi ndi kaphokoso kothetheka kwa masekondi angapo, nthawi zambiri ndi fyuluta yosalongosoka imene ikulola oyilo kubwerera mu sampu usiku. Ikamayaka muli pa liwiro koma pa idling ili zii, kasefa ka mu sampu katsekeka. Ikamaphethira pa mabampu okha, yambani ndi waya. Ndipo ngati zonsezi zayamba tsiku limene munasintha oyilo, bwererani ku oyiloyo ndi fyulutayo.

4. Yesani swichi ndi waya wake

Tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyali iyenera kuyaka. Pezani swichi ya oyilo, kawirikawiri imakhala pa buloko pafupi ndi fyuluta, ndipo pa magalimoto ambiri a ku Japan amene tili nawo kuno imakhala ndi waya mmodzi. Zulani wayayo: nyali izime. Mugunditseni pa chitsulo cha injini: nyali iyake. Ngati mwazula koma nyali ikuyakabe, waya wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo. Ngati m'kapulagi ka swichi muli oyilo, swichiyo yaboka m'kati, isintheni.

Chenjezo: ngakhale mwapeza kuti swichi ndi yakufa, pitirizani ku nambala 5. Swichi yakufa ndi pulesha yotsika zimatha kukhala pa injini imodzi.

5. Yezani pulesha ndi geji

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho ndichedwapo.

Injini itazima, masulani swichi, ndipo pabowo pake mangani paipi ya geji. Yambani kumanga ndi dzanja. Ikakana mutangozungulitsa kamodzi, musaikakamize ndi sipanala. Injini za ku Japan zambiri zili ndi mazinga a 1/8 BSPT, pamene mageji ambiri amabwera ndi kamutu ka 1/8 NPT. Pa maso zimafanana, koma si zimodzi, ndipo buloko ya aluminiyamu monga ya 1NZ-FE ya mu Corolla, Allion ndi magalimoto ena ang'onoang'ono a Toyota sichedwa kung'aluka. Sankhani kamutu koyenera. Paipi ipite kutali ndi fani, malamba ndi ekizozi.

Lizani injini mukuyang'ana singano. Ikapanda kunyamuka m'masekondi ochepa, zimitsani, mupite ku nambala 6 kenako 9. Ikanyamuka, lembani nambala ya injini yozizira.

Tsopano dikirani. Apa m'pamene ambiri amalakwa. Oyilo wozizira ndi wolimba, amapereka nambala yokongola ngakhale pa injini yotha ntchito. Komanso oyilo amachedwa kutentha kusiyana ndi madzi a mu redieta, choncho singano ya kutentha ikafika pakati sindiye kuti oyilo wafika. Lolani fani izungulire ndi kuima kawiri, kapena ngati pulesha yozizira inali yabwino ndipo palibe kugogoda, mangirirani geji bwinobwino muyende mphindi 15 kapena 20. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto imene nyali yake imayaka masana a mu Okutobala pobwera kuchokera ku Mfuwe singaonetse vuto lake m'mawa wa mu Juni itangolira mphindi zitatu.

Itatentha, lembani manambala atatu: pa idling, pa 2,000 rpm, ndi pa 3,000 rpm.

Mageji amalemba mosiyana. Bar imodzi ndi 100 kPa, ndiponso ndi pafupifupi 14.5 psi. Nambala yeniyeni yoti mufananitse nayo ili m'buku la injini yanu. Mwachitsanzo, pa injini zambiri za petulo za Toyota buku limalola pulesha ya pa idling kutsika mpaka 29 kPa, kumene ndi pafupifupi 0.3 bar. Pa 3,000 rpm, 4A-FE ya mu Corolla zakale imafunika kukhala pakati pa 2.5 ndi 5 bar, pamene 1NZ-FE imaloledwa kuyambira 1.5 bar. Ngati mulibe buku, amakaniko timagwiritsa muyezo wa 10 psi, kapena 0.7 bar, pa 1,000 rpm iliyonse injini itatentha. Ndi muyezo wongokuthandizani kuona kumene muli, buku likapezeka limaposa. Kunena zoona, ine ndikaona 0.4 bar pa idling sindikhala ndi mtendere ngakhale buku likuti yakhoza. Injini yathanzi kawirikawiri imakhala pamwamba pa pamenepo.

Kuti manambalawa akuuzeni kanthu, kumbukirani paipi yothirira m'dimba. Madzi amatuluka mofooka, koma mukatsina kukamwa kwake ndi chala amathamanga mwamphamvu. Pampu ya oyilo ntchito yake ndi kukankha oyilo basi. Chimene chimatsina paipi ndi timipata tating'ono ta pa ma bearing. Timipatato tikakula chifukwa cha kudyeka, oyilo amangopulumuka, ndipo pampu yatsopano singasinthe zimenezo.

Werengani motere:

Manambala onse ali bwino koma nyali imayaka: ndi swichi kapena waya. Mwapulumuka.

Yozizira ili bwino, yotentha pa idling yagwa kwambiri, ndipo pa 3,000 rpm ikukwera koma osafika: ma bearing adyeka, kapena oyilo ndi wopepuka kapena wosakanikira ndi mafuta. Pampu yodyeka imachitanso chimodzimodzi, koma si kawirikawiri kuti idyeke yokha ma bearing ali bwino.

Yotsika ponseponse, yozizira ndi yotentha yomwe: kasefa ka mu sampu katsekeka, relief valve (valavu ya pa pampu yotulutsa oyilo pulesha ikakwera kwambiri) yakakamira ili yotseguka, kapena paipi yoyamwira oyilo ikuyamwa mpweya polumikizira pake.

Ikukwera bwino kenako ikugwa kapena singano ikunjenjemera mukapondetsa mafuta: pampu ikusowa choyamwa. Kasefa, sampu yophwanyika, kapena oyilo wochepa.

Yokwera mopitirira ndipo fyuluta ikufufuma: relief valve yakakamira ili yotseka.

6. Khuthulani oyilo, mung'ambe fyuluta

Khuthulani oyilo akadali wofunda, adutse pa nsalu yoyera kulowa m'beseni loyera. Samalani manja, oyilo wa injini yotentha amawotcha. Tengani beseni mupite nalo padzuwa, mulipendeke pang'ono. Oyilo wa injini imene ikudya ma bearing amanyezimira, ngati mwawazamo tizidutswa ta golide.

Yendetsani maginito pa nsalu ndi pansi pa beseni. Zomata pa maginito ndi chitsulo: crankshaft, camshaft, maring'i, tcheni kapena magiya. Zosamata, zotuwa kapena za mtundu wa kopa, zachokera ku ma bearing kapena pisitoni. Kaufa kochepa kakuda pa nati ya sampu n'kachizolowezi. Tizibenthu togwirika ndi zala si tachizolowezi.

Tsegulani fyuluta yakale, mutambasule pepala lake, muyang'ane m'makwinya ndi tochi. Musadule ndi sowo, chifukwa utuchi wa sowoyo udzakunamizani kuti injini yatha. Boolani m'mphepete, mudule ndi sizasi ya malata.

Ngati simunapeze zitsulo, ikani fyuluta yabwino ndi oyilo wa nambala yoyenera, mubwereze nambala 5. Injini zingapo zimachira pomwepa. Oyilo wakaleyo musungeni m'chigubu chotseka, musamuthire m'ngalande, mvula ikagwa amakathera mumtsinje momwe anthu amathirira ndiwo zamasamba.

7. Mvetserani

Chitani izi pokhapokha geji yaonetsa kuti pulesha ilipo ndithu. Gunditsani nsonga ya sikuludilaiva pa injini, chigwiriro pa khutu, zovala ndi manja kutali ndi malamba.

Tiki-tiki-tiki wopepuka kumwamba ndi mavalavu kapena camshaft, ndipo popeza kumwambako ndi kumene oyilo amafika pomaliza, kumayamba kudandaula msanga. Kho-kho-kho wakuthwa cha pakati pa buloko, womveka kwambiri mukaponda mafuta pang'ono n'kusiya, ndi bearing ya con rod. Ndiko kumene amakaniko timati kunoka. Gu-gu-gu wolemera wa pansi, womveka galimoto ikamakoka katundu kapena ikangolira kumene, ndi ma main bearing. Phokoso lomveka injini ili yozizira n'kuchepa ikatentha nthawi zambiri ndi pisitoni imene ikugwedera mu silinda.

Kuti mudziwe silinda yolakwa, zulani pulagi ya magetsi ya injekita kapena ya koyilo, imodziimodzi. Silinda imene mukaizimitsa kugogoda kumachepa, ndiyo yodwala. Pa dizilo zakale timakhwefula nati ya paipi ya injekita titaphimba ndi nsanza. Pa dizilo za common rail musayerekeze, pulesha ya mafuta m'mapaipi amenewo imaboola khungu.

8. Utsi, mpweya wa mu injini, ndi compression

Maring'i odyeka satsitsa pulesha ya oyilo mwachindunji, koma amamaliza oyilo ndi kumuipitsa. Mufunika kudziwa mmene alili kuti musasinthe ma bearing pa injini imene kumwamba kwake kwathanso.

Utsi wabuluu wotuluka m'mawa pongoliza, kapena mutatsika phiri lalitali n'kupondanso mafuta, umaloza ma seal a mavalavu. Wabuluu wosalekeza pokoka umaloza maring'i, kapena turbo ngati ilipo. Tsegulani chitsekero chothirira oyilo injini ili pa idling. Kampweya kochepa si vuto. Ikamafuka ngati mbaula, moto ukudutsa pa maring'i.

Poyeza compression pa petulo: injini ikhale yotentha, batire yodzaza, mapulagi onse achoke, fyuzi ya EFI ichoke kuti mafuta asapite, ndipo wina aponde mafuta mpaka pansi pamene akuliza sitata. Mukaiwala kuponda mpaka pansi, manambala onse amatuluka otsika, mudzaweruza injini yosalakwa. Lembani silinda iliyonse. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwake. Mabuku a Toyota a injini za petulo zimenezi salola kusiyana kopitirira pafupifupi bar imodzi pakati pa masilinda, ndipo 4A-FE siyenera kutsika pansi pa 10 bar.

Silinda ikatsika, thiranimo oyilo wokwana supuni ya tiyi, muyezenso. Nambala ikakwera kwambiri, ndi maring'i kapena silinda. Ikakhala pomwepo, ndi mavalavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsikira pamodzi, gasiketi yapsa pakati pawo. Yang'ananinso mapulagi amene mwachotsa: yonyowa ndi oyilo kapena yokhala ndi makoko ikukuuzani silinda imene ikudya oyilo.

Chenjezo: musathire oyilo mu silinda ya dizilo poyeza. Akhoza kuyaka n'kuphulitsa geji, kapena kupinda con rod.

9. Tsitsani sampu

Kwezani galimoto, muikhazike pa zochirikizira zolimba. Jeke yokha kapena njerwa zosanjikiza zapha anthu. Musanamasule, yang'anani pansi pa sampu. Misewu ya kumidzi, makamaka mvula ikakokolola, imasiya miyala yotulukira, ndipo galimoto yotsika ngati Vitz ikagunda, sampu imalowa m'kati n'kukatsamira pakamwa pa kasefa. Kunja imangooneka ngati kachilema kakang'ono.

Mukatsitsa, yambani ndi kasefa, kamene amakaniko amati strainer. Kayang'anitseni kudzuwa: kuwala kudutse. Tsiku lina tinalandira Corolla ya takisi imene mwini wake anali atasintha kale pampu kwina, nyali osasiya. Titatsitsa sampu, tinapeza kasefa katadzaza tinyongolotsi ta silikoni, zotsala za munthu amene anamata sampu mopanda muyezo. Mwini wake, bambo wachikulire, anatola kamodzi n'kukakoka ndi zala, akupukusa mutu. "Mwana wanga, ndiye pampu ija ndinagulira chiyani?" Tinatsuka, tinamanga, geji inakwera bwinobwino. Pa injini zina mumapeza phala lakuda lolimba ngati phula la pamsewu, chifukwa cha oyilo wokhalitsa. Onaninso gasiketi kapena O-ring ya paipi yoyamwira, ndi paipiyo ngati ili ndi mng'alu.

Kenako ma bearing. Pa injini zina mumawafikira mukangochotsa sampu, pa zina pamafunika kuchotsanso sampu ya pamwamba kapena kutsitsa injini yonse. Masulani chivundikiro chimodzi pa nthawi, muike chizindikiro cha nambala yake ndi mbali imene chimayang'ana. Zivundikirozi sizisinthana.

Bearing yabwino ndi yotuwa, yosalala mofanana. Ikaonetsa kopa, ikakhala ndi mizere, kapena ikaderako ndi kutentha, yatha. Ikazungulira m'malo mwake n'kufufuta kamlomo kake kogwirira, con rod nayonso iyenera kupita kokayezedwa. Yendetsani chikhadabo pa crankshaft. Chikakodwa, crankshaft ikufunika kupalidwa.

Poyeza mpata, pukutani oyilo yense, dulani kachidutswa ka Plastigage, mukagoneke chopingasa, mangani chivundikiro ndi torque wrench pa nambala ya m'buku, osazungulitsa crankshaft, kenako masulani ndi kufananitsa kuphwatalala kwake ndi mizere ya pa pepala lake. Yobiriwira imayeza kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm. Injini zing'onozing'ono zambiri zimafuna mpata wa pakati pa 0.02 ndi 0.05 mm, wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mukafika cha ku 0.08 kapena 0.10 mm, pulesha yanu ikuthawira pamenepo. Ngati mukuyeza ma main bearing injini ili m'galimoto, chirikizani crankshaft kuti ikwere m'mwamba, apo ayi kulemera kwake kudzaphwanya Plastigage n'kukupatsani mpata wabodza.

10. Pomaliza, pampu

Ngati kasefa n'koyera ndipo mipata ya ma bearing ili bwino, tsopano pampu ili ndi mlandu woyankha. Yambani ndi relief valve: kapisitoni kake kayenera kutsetsereka kokha m'bowo mwake kakapakidwa oyilo, ndipo sipuling'i isakhale yothyoka. Tsegulani pampu, muone mizere pa chivundikiro, muyeze mipata ya magiya ake ndi feeler gauge molingana ndi buku. Pomanga, idzazeni oyilo, ndipo musanalize injini izungulitseni ndi sitata mapulagi atachoka mpaka geji inyamuke.

Zimene mungachite ndi zimene mwapeza

Ma bearing akadyeka koma crankshaft ili yosalala ndipo muyezo wake uli bwino, ma bearing atsopano a saizi yomweyo amakwana. Crankshaft ikakhala ndi mizere, imapalidwa ku makina, kawirikawiri ndi 0.25 mm kapena 0.50 mm, ndipo ma bearing amagulidwa olingana ndi kupalako. Gulani mutamva kwa wopala, osati musanapite. Injini imene inanoka iyenera kutsukidwa njira zonse za oyilo, kuphatikizapo mabowo a mu crankshaft ndi oil cooler, chifukwa tizitsulo totsalira timadya ma bearing atsopano m'masiku ochepa.

Ngati pansi patha ndipo compression yagwanso, werengerani mtengo wa ovaholo yonse, muufananitse ndi wa injini ina. Mukasankha injini yakale yochokera kunja, musakopeke ndi kuwala kwa kunja kwake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Suzumirani pa chitsekero cha oyilo ndi tochi, ndipo gwirizanani ndi wogulitsa kuti ikamangidwa muiyeza ndi geji itatentha, ndipo ikalephera ibwerera.

Zolakwa zimene ndimaziona kawirikawiri

Kuthira oyilo wolimba kuti nyali izime. 20W-50 amakwezadi singano pang'ono, ndipo pa injini yakale yotopa akhoza kukufikitsani kumapeto kwa nyengo yogulitsa mbewu. Koma mpata wa bearing sanaubweze. Pa injini za VVT-i zimene zinapangidwira oyilo wopepuka ngati 5W-30, oyilo wolimba amachedwa kufika kumwamba m'mawa, ndipo mumayambitsa matenda ena. Mankhwala a m'timabotolo olimbitsa oyilo ndi chimodzimodzi.

Kuika mawashala kumbuyo kwa sipuling'i ya relief valve. Valavu imeneyi imatseguka pulesha ikakwera kwambiri. Pa idling injini itatentha imakhala yotseka kale, choncho washala sathandiza pamene pali vuto lanu. Amangokwezera pulesha ya m'mawa mpaka kuphulitsa fyuluta.

Kukweza idling kuti nyali isaphethire. Mwangotseka pakamwa mboni.

Kuthira dizilo kapena mankhwala otsukira mu injini yodzaza phala. Phalalo limagumuka m'zibuma n'kukatseka kasefa muli pakati pa ulendo, mwina m'mapiri a ku Luangwa popita ku Lusaka, kutali ndi thandizo. Injini yotere imatsukidwa sampu ndi chivundikiro cha pamwamba zitachoka.

Kugula oyilo wa m'mabotolo osamata ndi mafyuluta osadziwika kumene achokera. Mtengo wake umakoma tsiku logula lokha.

Kuiwala sefa ya mpweya. Fumbi la m'misewu yathu ya dothi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa ndi limene limadya maring'i, kenako limatsikira mu oyilo n'kukadya ma bearing. Paipi ya mpweya yong'ambika kapena bokosi losatseka bwino n'chimodzimodzi kuyenda opanda sefa. Galimoto yoyenda m'fumbi tsiku ndi tsiku ine ndimati isinthe oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 aliwonse.

Kumanga ma bearing ndi dzanja "lozolowera". Mabawuti ambiri a con rod masiku ano amamangidwa pa nambala kenako n'kuwonjezera madigiri. Dzanja silidziwa zimenezo.

Kugula galimoto osayang'ana nyali. Musanalize injini, tembenuzani kiyi muone ngati kaketulo kofiira kayaka, ndipo mukaliza kazime kokha msanga. Kakapanda kuyaka n'komwe, alipo amene anachotsa babu kapena kuzula waya. Kakamazima nthawi imodzimodzi ndi nyali ya batire ulendo uliwonse, tsegulani boneti mutsate waya wa swichi ndi dzanja mpaka kumene wathera, chifukwa ena amalumikiza nyali ziwirizi pamodzi. Zikatero uzani wogulitsa kuti mubweranso mawa ndi geji, ndipo muyeza injini itayenda mphindi 20.